Sikweya Yaing'ono Yoyezera Matabwa: Ndisankhe Iti?

Funso la owerenga: Ndakhala ndikukhoma mabenchi, matebulo ndi mashelefu kwa zaka zingapo, ndipo sikweya yanga yaikulu ya mamilimita 300 yakhala ikundikwanira. Tsopano ndayamba kupanga timabokosi ndi madilowa, koma ngodya zake sizikukumana bwino ngakhale ndisamale chotani. Anzanga akuti ndigule sikweya yaing'ono yolondola kwambiri. Pofufuza ndapeza mitundu yambirimbiri, ina yachitsulo chokhachokha, ina ya chogwirira chamtengo, ina yotsetsereka, ndiponso ina yolembedwa manambala amene sindikuwamvetsa. Kodi ndisankhe iti?

Yankho: Anzanuwo akulangizani bwino. Gulani sikweya yachitsulo chokhachokha, yosatsetsereka, yokhala ndi lilime lotalika mamilimita 100 kapena kuyandikira pamenepo, imene wopanga wake walemba poyera muyezo umene anatsata, ndipo musanayambe kuikhulupirira muiyese nokha. Pa zonse zimene ndifotokoze pano, kuyesa nokhaku ndiko kwakukulu, chifukwa kunyezimira kwa chitsulo, dzina la kampani ndi bokosi lokongola sizingakuuzeni zimene mizere iwiri yojambulidwa pa thabwa ingakuuzeni m'mphindi ziwiri zokha. Kuti timvane bwino, mbali yopyapyala ya sikweya ndiziitchula kuti lilime, ndipo mbali yochindikala imene imatsamira m'mphepete mwa thabwa ndiziitchula kuti chogwirira.

Vuto la sikweya yaikulu pa ntchito zazing'ono ndi kulemera ndi kutalika kwake. Mukaiika m'mphepete mwa thabwa lochindikala mamilimita 12 kapena 15, monga la m'mbali mwa dilowa, pafupifupi lilime lonse limalendewera kunja n'kumakoka chogwirira, ndipo dzanja lanu limatanganidwa ndi kuletsa chidacho kuti chisapendeke pamene maso anu amayenera kukhala akuyang'ana mpata. Sikweya yaing'ono imakhazikika pa kathabwako popanda kulimbana nayo, imalowa m'kati mwa bokosi lomangidwa kale, ndipo imakwana m'thumba la epuloni, zimene zimachititsa kuti muziitulutsa pafupipafupi, pakuti chida chopachikidwa kutali pakhoma munthu amachita nacho ulesi. Ya mamilimita 50 kapena 75 imathandiza pa tinthu tating'ono kwambiri, ya 150 imayamba kuyandikira ntchito ya imene muli nayo kale, choncho ya 100 ndiyo imene ingagwirizane ndi madilowa ndi timabokosi tanuto.

Sikweya ya chogwirira chamtengo, imene nthawi zambiri imakhala ndi kachitsulo ka mkuwa m'mbali mwa chogwiriracho ndipo lilime lake limamangidwa ndi timisomali titatu kapena tinayi, ndiyo imene akalipentala ambiri anaphunzirira ntchito. Ndi yokongola, imakoma kugwira, ndipo sikanda thabwa. Komabe mtengo umamwa chinyezi ndi kuuma molingana ndi nyengo, ndipo timisomali tija timakhwefuka sikweya ikagwa kangapo. Chinanso chimene ogula ambiri sachidziwa n'chakuti masikweya ambiri amtunduwu amapangidwa kuti akhale olondola m'kati mokha, pamene pali mkuwa, ndipo kunja kwa chogwirira sikuti nthawi zonse kumayezedwa. Ndi chida chabwino cholembera mizere tsiku ndi tsiku, koma sindingachipatse udindo woweruza zida zinzake.

Sikweya yachitsulo chokhachokha inachokera kwa amisiri a makina, amene ntchito yawo imafuna kulondola kuposa yathu. Lilime ndi chogwirira zimalumikizidwa zolimba, kenako mbali zake zimanoledwa pa makina kuti ngodya ya m'kati ndi ya kunja zonse zikhale madigiri 90. Chogwirira chake n'chochindikala moti sikweya imaima yokha pa tebulo la makina ochekera, ndipo manja anu onse awiri amakhala omasuka posintha sowo. Mukaigwira yang'anani pangodya ya m'kati, pamene lilime likumana ndi chogwirira. Yopangidwa bwino imakhala ndi kampata kakang'ono kodulidwa pamenepo, ndipo ambiri amakayesa chilema, chonsecho ndi kadala, kuti fumbi la matabwa kapena tinyenyeswa totsalira m'mphepete mwa thabwa tipeze kolowa m'malo mokweza sikweya. Funsaninso ngati lilimelo ndi lachitsulo choumitsidwa. Mmisiri wa ntchito zosalala amalemba mizere ndi mpeni, ndipo mpeni umene ukuyenda m'mbali mwa lilime lofewa kambirimbiri umalidya pang'onopang'ono, makamaka chakufupi ndi chogwirira kumene mizere yambiri imayambira.

Mfundo ya mpeniyi ndiyo imandichititsa kukayikira masikweya a aluminiyamu, ngakhale kuti ena mwa iwo amadulidwa molondola kwambiri pa makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Ndi opepuka, sachita dzimbiri, ndipo kwa munthu wolemba ndi pensulo ndi abwino ndithu. Koma aluminiyamu ndi wofewa kuposa mpeni uliwonse, ndipo tsiku limene mpeni udzapendekere m'kati udzasenda kachidutswa, m'mphepetemo simudzawongokanso. Palinso mtundu wina wa sikweya yachitsulo umene lilime lake limasongoledwa m'mbali ngati mpeni. Umenewo ndi woyezera poyang'ana kuwala basi, ndipo kulembera mizere sukwanitsa bwino chifukwa mpeni wanu umasowa khoma lotsamira.

Tibwere ku yotsetsereka. Sikweya imene lilime lake ndi lula loyenda m'kati mwa mutu, yokhala ndi mbali ya madigiri 90 ndi ya madigiri 45, anaitulukira Laroy S. Starrett mu 1877, ndipo kampani imene anayambitsa mu 1880 ku Athol, m'chigawo cha Massachusetts ku America, ikupangabe zida zoyezera mpaka lero. Sikweya imeneyi ili ndi mng'ono wake amene mutu wake uli ndi mbali ziwiri za madigiri 90, amene kawirikawiri amabwera ndi lula la mainchesi 4 kapena 6, kutanthauza pafupifupi mamilimita 100 kapena 150. Zida zimenezi zimagwira ntchito zimene yosatsetsereka singathe. Mumayezera kuya kwa bowo la jointi, mumalembera mzere wotsatira m'mphepete mwa thabwa, mumasamutsira muyezo kuchokera pa thabwa lina kupita pa linzake popanda kuwerenga manambala, ndipo mumatha kufupikitsa lula kuti likwane pamalo opanikiza. Koma kuipa kwa ufulu umenewo n'kwakuti kulondola kwake konse kwatsamira pa timitunda tiwiri tating'ono ta m'kati mwa mpata wa mutu, pamene lula limakhala mukamanga sikulu. Mutu ukakhala wa chitsulo chofewa chotsika mtengo, timitundato timatha chifukwa cha kukhulana, ndipo fumbi likalowa pamenepo ngodya imasintha inu osadziwa. Yokhala ndi mutu wachitsulo cholimba imakhala zaka zambiri ili yolondola, koma imadula, ndipo yotchipa ya mtunduwu ndiyo sikweya imene imanamiza anthu kwambiri pa mitundu yonse. Ngati ndalama zanu zikulola chida chimodzi chokha ndipo mukufuna chochita zambiri, gulani yotsetsereka yabwino. Koma vuto limene mwafotokoza ndi la ngodya zosakumana, ndipo pa vuto limenelo chida chopanda mbali yoyenda ndicho chimene chimachotsa chikayiko.

Manambala amene akukusokonezaniwo ndi miyezo ya mayiko. Wofala kwambiri ndi wa ku Germany wotchedwa DIN 875, umene umagawa masikweya achitsulo m'magiredi anayi, 00, 0, 1 ndi 2, ndipo nambala ikamachepa kulondola kumakwera. Pa sikweya ya lilime la mamilimita 100, giredi 00 imaloledwa kuphonya ndi mamilimita 0.003 okha kunsonga kwa lilime, giredi 0 ndi 0.007, giredi 1 ndi 0.015, ndipo giredi 2 ndi 0.03. Muyezo wa ku Britain ndi BS 939, umene magiredi ake ndi AA, A ndi B, ndipo B ndiyo yopangidwira ntchito za tsiku ndi tsiku. Kuti manambalawa akhale ndi tanthauzo, kumbukirani kuti pepala wamba lolembapo limachindikala pafupifupi mamilimita 0.1, ndipo mzere wa pensulo yosongoka bwino umafika 0.5. Ndiye kuti ngakhale giredi 2, yotsikitsitsa pa muyezo wa DIN, imaloledwa kuphonya ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kuchindikala kwa pepala.

Apa m'pamene anthu ambiri amawonongera ndalama. Thabwa si chitsulo. Thabwa la mamilimita 100 m'lifupi likhoza kufufuma kapena kunyala ndi pafupifupi milimita yathunthu pakati pa nyengo yachinyezi ndi nyengo youma, malinga ndi mtundu wa mtengo ndi machekedwe ake, ndipo silinyala mofanana mbali zonse, pakuti kunyala kotsatira mizere yozungulira ya mtengo kumakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri kunyala kolunjika pakati pa thunthu. N'chifukwa chake mwendo wa tebulo umene munaupala bwinobwino ngodya zonse zinayi ukhoza kupezeka utapendeka pakapita miyezi. Sikweya ya giredi 00 inapangidwira zipinda zoyezera zitsulo, kumene ngakhale kutentha kumasungidwa pa madigiri 20, ndipo kuiika pa thabwa n'kufuna kulondola kumene thabwalo silingakusunge ngakhale usiku umodzi. Giredi 1 kapena 2 ya DIN, kapena B ya BS, ndi yokwanira pa ntchito iliyonse ya matabwa imene ndikuidziwa.

Musamve ngati ndikunena kuti sikweya iliyonse ndi yabwino. Yopanda muyezo uliwonse wolembedwa ikhoza kuphonya ndi theka la digiri, ndipo theka la digiri pa mamilimita 100 ndi mpata wa pafupifupi mamilimita 0.9, umene aliyense angauone ali chapatali. Choipa kwambiri n'chakuti kuphonyako kumaunjikana. Ngati mwakonza makina anu ochekera ndi sikweya yopotoka, thabwa lililonse lotuluka pamenepo limatenga chilema chomwecho, ndipo pofika pa ngodya yachinayi ya bokosi zilema zonse zimasonkhana pamalo amodzi. Pa felemu ya chithunzi, imene ili ndi malo odula asanu ndi atatu, kuphonya kwa kota ya digiri pa malo alionse kumasanduka madigiri 2 pa ngodya yomaliza. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi zimene mukukumana nazo.

Kayesedwe kake n'kotere. Pezani thabwa losalala lokhala ndi m'mphepete mowongoka kwenikweni, ndipo musangoganiza kuti mwawongoka, tsimikizani ndi lula lachitsulo mutaliyang'anitsa kowala, chifukwa mphepete yokhota imanamizira sikweya yabwino. Tsamiritsani chogwirira m'mphepetemo chitaloza kumanzere, ndipo lembani mzere wopyapyala motsatira lilime, ndi mpeni ngati n'kotheka. Kenako tembenuzani sikweya kuti chogwirira chiloze kumanja, chitatsamirabe mphepete yomweyo, ndipo lembani mzere wachiwiri pafupi kwambiri ndi woyamba, motalikirana ngati milimita imodzi. Ena amalemba wachiwiri pamwamba pa woyamba, koma ine ndimakonda kusiya kampata, chifukwa mpeni umakonda kugwera mu mzere wakale n'kuutsata, ndipo diso limaweruza bwino mizere iwiri yoyandikana. Ngati mpata wa pakati pawo uli wofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, sikweyayo ndi yolondola. Ngati mizereyo ikuyandikirana kapena kutalikirana, kusiyana kumene mukukuonako ndi kuphonya kwa sikweya kutawirikizidwa kawiri, ndipo uku ndiko kukoma kwa njirayi, pakuti imakulitsa chilema chaching'ono mpaka chionekere. Bwerezani katatu pamalo osiyanasiyana a thabwalo, ndiponso muyese mbali zonse ziwiri za lilime, ya m'kati ndi ya kunja, chifukwa kulondola kwa mbali imodzi sikulonjeza kanthu za inzake. Ndinaonapo sikweya yatsopano, yochokera m'pepala lake, ikulephera mayeso amenewa, ndipo ndinaonaponso yakale yothimbirira ikupambana bwinobwino. Ngati wogulitsa akulolani, chitani zimenezi musanalipire, ndipo ngati mukuitanitsa kutali, onetsetsani kuti angailandire mukaibweza.

Anthu ena amayesa pogundanitsa masikweya awiri n'kuyang'ana ngati pakudutsa kuwala. Njirayi ili ndi msampha. Masikweya awiri oimikidwa chogundana misana pa tebulo lathyathyathya, ina ili ndi madigiri 89 inzake 91, amakumana popanda mpata ngati kuti onse ndi abwino. Kuyerekezako kumakhala ndi phindu pokhapokha ngati imodzi mwa iwo munaiyesa kale ndi mizere iwiri ija. Mukafuna kudziwa kukula kwa mpata umene mwauona, gwiritsani ntchito timapepala tachitsulo timene amakaniko amayezera mavalavu a injini.

Za mayina a makampani ndinena mwachidule. Starrett ya ku America, Mitutoyo ndi Shinwa za ku Japan, komanso Moore & Wright, dzina lakale lochokera ku Sheffield ku England, ndi mayina odziwika pa zida zoyezera, koma pali ena ambiri amene amapanga masikweya abwino a DIN 875 pa mtengo wotsika. Chimene ndimayang'ana ndi nambala ya muyezo ndi giredi zitalembedwa pa chitsulo penipenipo. Mawu ongonena kuti chidacho n'cholondola kwambiri, popanda nambala, aliyense akhoza kuwadinda pa bokosi. Ngati mukufuna yokhala ndi zizindikiro za mamilimita, sankhani zozokotedwa m'chitsulo, pa lilime losanyezimira, pakuti zopakidwa utoto zimafufutika ndipo chitsulo chonyezimira chimathobwa m'maso. Onetsetsaninso kuti simukugula ya mainchesi pamene zida zanu zina zonse ndi za mamilimita. Pa sikweya yoyesera ngodya yokha, zizindikirozo sizofunika n'komwe.

Ndiyenera kukuchenjezani kuti mwina wolakwa si sikweya yanu yakaleyo, ndipo muiyese kaye isanapatsidwe mlandu. Ngodya zambiri zosakumana zimachokera ku kagwiritsidwe ntchito. Thabwa lililonse liyenera kukhala ndi nkhope imodzi yopalidwa lathyathyathya ndi mphepete imodzi yowongoka yopanga madigiri 90 ndi nkhopeyo, zonse ziwiri zitaikidwa chizindikiro cha pensulo, ndipo chogwirira cha sikweya chizitsamira pa mbali ziwiri zokhazo nthawi zonse. Mukalemba mzere wozungulira thabwa pomangoligubuduza n'kutsamiritsa sikweya paliponse pamene pakuyandikirani, mzerewo sudzakumana ndi poyambira pake, ngakhale sikweyayo ikhale ya giredi 00. Pogwira, mphamvu yambiri ya zala ipite pa kukanikizira chogwirira m'mphepete mwa thabwa, ndipo lilime lingogona. Polemba, yambani mwaika nsonga ya mpeni pa chizindikiro chanu, kenako mukankhire sikweya mpaka igunde mpeniwo, ndipo mzere woyamba ukhale wopepuka kuti mpeni usakankhe lilime. Poyesa mphepete, gwirizitsani chogwirira pa nkhope ya thabwa lilime lili m'mwamba pang'ono, ndiye muitsitse mpaka lilime likhudze, mutayang'anitsa kuwindo kapena ku nyale. Munthu akayamba ndi kugoneka lilime, chogwirira chimanyamuka pang'ono iye osazindikira, ndipo amaona ngodya yabwino imene kulibe. Poyesa sowo yozungulira ya makina, zulani kaye pulagi, ndipo lilime likhudze thupi la sowo pakati pa mano, chifukwa mano ndi otambalala kuposa thupilo. Pa bokosi lomangidwa kale, yezaninso kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo mbali zonse ziwiri guluu asanaume, ndipo miyezo iwiriyo ifanane.

Kasungidwe kake kamatsimikiza ngati kulondola kumene mwagulako kudzakhalitse. Chimene chimapha masikweya ambiri ndi kugwa pansi pa simenti. Nthawi zina lilime silisuntha n'komwe, koma pangodya ya chogwirira pamatuluka kachotupa kakang'ono kamene kamakweza chida chonse, ndipo mukhoza kukamva ndi chala n'kukachotsa mosamala ndi mwala wonolera wosalala, osakhudza mbali yonseyo. Sikweya ikagwa, iyeseninso musanaigwiritse ntchito. Chitsulo choumitsidwa wamba chimachita dzimbiri ndi thukuta la m'manja, choncho muziipukuta pomaliza ntchito n'kuipaka phula pang'ono, limene ndimalikonda kuposa mafuta chifukwa silidetsa thabwa. Ngati kumene mumagwirira ntchito kuli chinyezi chambiri, yachitsulo chosachita dzimbiri idzakupeputsirani ntchito. Dzimbiri likagwira, musalichotse ndi sandipepa wokhakhala m'mbali zoyezera, ndipo guluu wouma muzimuchotsa ndi kamtengo. Yotsetsereka imafuna kuti nthawi ndi nthawi musolole lula n'kutsuka mpata wa mutu, ndipo ikaphonya pang'ono imatheka kukonza pokhula kamtunda kamodzi ka m'katimo ndi tupa yopyapyala, kamodzi kapena kawiri kokha, n'kuyesanso. Yachitsulo chokhachokha ikapotoka kwenikweni n'kovuta kuibweza, ndipo ndi bwino kuilemba chizindikiro kuti isasakanikirane ndi zabwino.

Mukadzapeza mpata wogula yachiwiri, tsatirani zimene amisiri ambiri osamala amachita. Sikweya yachitsulo ya mamilimita 100 imene mwaiyesa n'kuipeza yolondola muziisunga m'bokosi lake, yosakhudzana ndi matchizulo ndi matupa, ndipo muziitulutsa pokonza makina, poyesa majointi ofunika ndi poyesa masikweya ena. Ya m'thumba la epuloni, imene izikumana ndi mpeni, guluu ndi kugwa, ikhale yotsetsereka ya mainchesi 4 kapena 6, ndipo muziiyerekeza ndi yosungidwayo kumayambiriro kwa ntchito iliyonse yatsopano. Sikweya yanu yaikulu ija, ikapambana mayeso a mizere iwiri, ipitirize ntchito yake pa matebulo ndi mashelefu.